Tsiku Limene a Kamtedza Anakhala Chete

Tinawaika m'manda a Kamtedza mu Januwale, kumpoto kwa Leicester, nthaka itauma gwa ndi chisanu. Akazi awo anandipempha kuti ndilembe mbiri yawo pa kapepala ka mwambo wa maliro, ndipo ndinalemba zimene timalemba nthawi zonse: anabadwira ku Ntcheu, anabwera kuno kudzaphunzira, anali mkulu wa mpingo, asiya mkazi, ana atatu ndi zidzukulu. Zonsezo n'zoona. Koma chimene chikundisowetsa mtendere sindinachilembe. Ine ndine mlembi wa kampingo kathu ka Amalawi, kamene kamapemphera m'holo yobwereka chakufupi ndi Belgrave Road, ndipo pano ndilemba zimene sizinalowe m'buku la misonkhano.

Nditapita kukawaona kuchipatala, patatsala milungu ingapo kuti atisiye, anadikira kuti akazi awo atuluke kukagula tiyi. Kenako anandikodola kuti ndisendere pafupi.

"Alembi, ine ndinapha anthu khumi ndi anayi."

Ndinaganiza kuti ndi mankhwala akuwalankhulitsa. Koma maso awo anali bwinobwino. Ankanena za ulendo wa ku Nottingham wa m'dzinja lapitalo, pamene amayi a mpingo anakwera minibasi yathu iwo akukayikira mabuleki ake. Pa ulendowo palibe amene anafa. Palibe ngakhale amene anakalika chala. Minibasiyo ikadalipo kuseri kwa holo, mabuleki ake ndi omwewo, ndipo ikhoza kunyamula anthu mawa lomwe.

Anali munthu wamfupi, wa juzi imodzi yaimvi imene akazi awo analephera kuitaya. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu anagwira ntchito pa fakitale ina ku Loughborough, kuyesa timalabala tozungulira ngati mphete timene timatseka polumikizira mapaipi ndi mapampu kuti madzi kapena mafuta asadonthe. Ntchito yawo inali kutitenthetsa, kutiziziritsa, kutifinya, mpaka kaphulike, n'kulemba kuti kaphulika pati. Atapuma pa ntchito sanasiye. Firiji ya kunyumba kwawo inali ndi timatumba ta malabala pakati pa nyama ndi nsomba zouma zochokera kumudzi.

"Munthu ukufuna utulutse ndiwo, ukutulutsa labala," mayi Kamtedza ankadandaula. "Tsiku lina ndidzakukazingirani."

"Kazingani," iwo ankayankha osatukula mutu, "koma tomato achuluke."

Lamlungu lililonse ankafika oyamba, osati kudzapemphera kaye ayi, koma kudzaona minibasi. Ankazungulira matayala, kutsegula kutsogolo, kenako kukhala pa mpando wa dalaivala ndi kuponda buleki atatsinzina, ngati munthu amene akumvetsera mawu a chapansipansi. Achinyamata anawapatsa dzina loti a Nanga-Zikavuta, chifukwa chilichonse chimene tingakonze, kaya ndi ukwati, kaya ndi kuwotcha nyama kupaki, funso lawo linali limenelo. Dzinalo ankalidziwa. Ankati bola limeneli kusiyana ndi kutchedwa malemu.

Mkangano wanga woyamba ndi iwo unali wa maumboni. Ku mpingo kwathu, tisanamve ulaliki, timapereka mpata woti aliyense anene zimene Ambuye amuchitira m'sabatamo. Ine nthawi imeneyo ndimaikonda kuposa ina iliyonse. Ndife anthu a mashifiti, otopa, okhala kutali ndi kwathu, ndipo kumva kuti Mulungu akuyendabe pakati pathu kumatipatsa mphamvu ya Lolemba. Tsiku lina mlongo wina, namwino, anaimirira nati pochokera kuntchito anagona chiwongolero chili m'manja, ndipo anadzidzimuka galimoto itafika kale pa msewu wa kwawo, osadziwa kuti wadutsa bwanji maraundabauti atatu. Holo yonse inati ameni. Nthungululu zinamveka. A Kamtedza sanaombe m'manja. Pa nthawi ya tiyi anapita kwa mlongoyo n'kumufunsa kuti shifiti yotsatira yotere ali nayo liti, ndipo adzabwerera bwanji. Mlongoyo analira, poganiza kuti akunyozedwa.

Ndinawatsatira kukhitchini mtima ukundiwawa.

"Bambo, munthu wapereka ulemu kwa Mulungu, inu mukumufunsa za shifiti?"

"Ulemu waperekadi. Ine ndikufuna adzaperekenso chaka chamawa."

"Ndiye simukhulupirira kuti ndi Ambuye amene anamufikitsa?"

"Ndikukhulupirira kuposa inu, alembi. N'chifukwa chake ndikuchita mantha. Ambuye amuchenjeza mwachifundo, ife tamuombera m'manja. Lachinayi akagonanso, akudziwa kuti zimatheka."

Anatsuka kapu yawo pang'onopang'ono, n'kundikumbutsa za tsiku lija woyesa anaimika Ambuye wathu pamwamba pa kachisi n'kuwauza kuti adziponye pansi poti angelo alipo. Anati woyesayo sananame, angelo analipodi, ndipo analankhula ndi Malemba m'kamwa. Koma Ambuye anakana. Anandikumbutsanso za lamulo lakale loti womanga nyumba ya denga lafulati amange kampanda m'mbali mwake, kuti magazi a munthu wogwa asakhale pa nyumbayo. Anati Mulungu amene amatuma angelo ndi yemweyo amene analamula kampanda. Sindinawakhululukire msanga.

Zonsezi zinali ndi gwero lake, ndipo aliyense amene anakhalapo nawo ola limodzi anamva nkhani yake. Anali wophunzira ku Loughborough mu Januwale wa 1986, pamene chombo cha Aamerika chopita m'mlengalenga chinaphulika chitangonyamuka. Anaonera pa tivi m'chipinda chochezera ophunzira, ataimirira kumbuyo. Utsi unagawikana m'mwamba ngati mphanda. Munali anthu asanu ndi awiri, mmodzi mwa iwo mphunzitsi wamkazi amene ana asukulu ankamuonerera akukwera. Patapita miyezi kunadziwika kuti chinayambitsa ngoziyo ndi labala. Maroketi okankha chombocho anali olumikizalumikiza ngati mapaipi, ndipo polumikizira paliponse panali mphete za labala zotseka kuti moto usatulukire m'mbali. Labala akazizidwa amauma, satseka msanga. M'mawa umenewo kunazizira mpaka madzi kuundana pa nsanja yonyamukira.

Koma a Kamtedza akamafotokoza, za kuphulikako ankangodutsapo. Mtima wawo unali pa zimene zinachitika chombocho chisananyamuke. Ankati pa maulendo am'mbuyo, maroketi akatoledwa, akatswiri ankapeza mwaye ndi timabala ta moto pa malabalawo. Ankalemba, ankakambirana, kenako n'kuti komabe chabwerako bwino. Ulendo wotsatira mwaye ukachuluka pang'ono, ankati n'zimene tinaziona kale. Chizindikiro cha ngozi chinasanduka chinthu chozolowereka, ndipo kupulumuka kulikonse kunkawerengedwa ngati umboni woti palibe vuto. Dzulo lake la ngoziyo, mainjiniya ena a kampani yopanga maroketi anachenjeza pa msonkhano wa pafoni kuti kuzizira kotere asanyamuke. Koma ulendowo unali utalephereka kale kangapo, anthu atatopa kudikira. Akuluakulu anafuna umboni woti labalayo alepheradi, ndipo umboni wotero panalibe, panali mantha a anthu odziwa ntchito basi. Bwana wina anauza mnzake kuti asiye kaye kuganiza ngati injiniya, aganize ngati bwana. Anasintha maganizo. Pomaliza panafunsidwa ngati alipo amene akuona mosiyana, ndipo palibe amene analankhula.

Akafika pamenepa ankati moto uja suwabwerera m'maganizo, chimene chimawabwerera ndi kamphindi kachete kaja, amuna odziwa zoona atakhala pa tebulo, manja ali pa mapepala awo. Ankawapempherera amuna amenewo, anthu oti sanawaonepo. Ndipo patapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri chombo china chitasweka pobwerera, chifukwa cha chibenthu chimene chinagamuka n'kumenya phiko, chinthu chimenenso chinali chitachitikapo kangapo n'kuzolowereka, mayi Kamtedza akuti bambowo sanadye tsiku lonse. Anangoti anthu asanu ndi awiri enanso, ndipo phunziro ndi lomwe lija.

Ife tinkamvetsera mwaulemu, mmene timamvetserera nkhani ya mkulu imene taimva kakhumi. Za m'mlengalenga zinali kutali ndi ife.

Ulendo wa ku Nottingham unali wokapepesa maliro. Mlongo wathu wina amene anasamukira kumeneko anali atataya mayi ake ku Malawi, ndipo sanathe kupita kukaika. Mwa mwambo wathu, munthu wotere sasiyidwa yekha. Mumapita gulu, mumakhala naye pansi, mumaimba, mumalira naye. Tinali titalephera kawiri chifukwa cha mashifiti. Kachitatu kanagwera Loweruka la sabata ija kunagwa sinowo wambiri kumapeto kwa dzinja. M'mawa umenewo misewu ikuluikulu inali itatseguka, koma kunkazizira kolasa m'mafupa. Amayi anali atafika kale m'holo, zitenje pamwamba pa makhoti, mapoto a mpunga atakulungidwa m'matawulo. A Kamtedza analowa kuchokera panja n'kupempha kuti komiti ikumane kaye.

Tinakhala anthu asanu m'kachipinda kosungira mipando. Atcheya athu, a Zimba, ndi amenenso amayendetsa minibasi. Ndi munthu wabwino, woseka, ndipo ntchito yawo ndi yoyendetsa basi za mumzinda. A Kamtedza anati buleki ikulowa pansi ukaiponda koyamba, ndipo mafuta a mabuleki akuchepa pang'onopang'ono chiyambire dzinja. Ankakayikira kalabala ka mkati mwa pampu ya mabuleki, kuti kakalamba ndipo kakazizidwa sikatseka.

"Bambo Kamtedza, ine ndimakhala pa chiwongolero masiku asanu pa sabata," anatero a Zimba. "Buleki imeneyi ndikuidziwa. Ukaipopa kawiri imagwira."

"N'chifukwa chiyani ikufuna kawiri?"

"N'kuzizira basi."

"Ndi zimene ndikunenazo."

"Agalaja anaiona, anati ili bwino. Pepala la boma loilola kuyenda tili nalo."

"Anaiona masana, mu Ogasiti, kunja kukutentha."

"Pansi palibe dontho ngakhale limodzi. Ndayang'ana."

"Nanga mafuta amene mukuthirawo akupita kuti?"

A Zimba anatambasula manja. Anati mu Disembala tinapita nayo ku Coventry kukuzizira ndithu, ndipo tinabwerako. Mu Januwale tinapita nayo ku Derby, tinabwerako. A Kamtedza anangogwedeza mutu nati inde, munabwerako. Anapempha kuti tidikire sabata imodzi, pampuyo isinthidwe. Magalimoto amene analipo tsikulo anali awiri okha, osakwana gulu lonse.

Apa mayi Chirwa, mtsogoleri wa amayi, anaika chikwama chawo pa tebulo.

"Abambo, mwana uja waonera pa foni mayi ake akuikidwa m'manda. Kawiri konse tamuuza kuti tikubwera, kawiri konse waphika n'kutaya. Lero ndimuimbire ndimuuze kuti chiyani? Kuti labala wazizidwa? Timugulire juzi labalayo?"

Tinaseka tonse, ngakhale ine. A Zimba anafunsa mofatsa ngati a Kamtedza angatsimikize kuti buleki ikana lero. Iwo anati sangatsimikize. Anafunsidwa ngati inakanapo n'kale lonse. Anati ayi. Tinazungulira pamenepo pafupifupi ola lathunthu, amayi akuimba m'holo kuti afunde, wina n'kumagogoda pa chitseko kufunsa ngati tikupita.

Ndiye ndinalankhula ine. Ndimafuna ndinene kuti sindinadziwe chimene ndikunena, koma nkhani ya chombo ija ndinali nditaimva kokwanira.

"Bambo, lero musakhale injiniya. Khalani mkulu wa mpingo. Kuli munthu akulira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya. Nkhope yawo inangokhala ngati ya munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa pa mndandanda umene ankauyembekezera. A Zimba anatseka nkhani monga mwa dongosolo lathu.

"Chabwino. Tikupita. Pali wotsutsa?"

Ndinagwira cholembera n'kudikira. M'holo nyimbo inali itatha. A Kamtedza anayang'ana manja awo. Ndinawerenga mumtima mpaka pa khumi, kenako ndinalemba kuti onse anagwirizana.

Poti anali mkulu, ndi iwo amene anapemphedwa kupempherera ulendowo. Anaima pa khomo la minibasi, chipewa chili m'manja, napemphera mawu ochepa kwambiri. Akazi awo anakwera nafe, anakhala kumbuyo ndi poto pamiyendo. Iwo anatsala.

Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala. Potuluka mu msewu waukulu, potsetsereka polowera pa raundabauti, ndinaona mwendo wa a Zimba ukuponda, n'kudzuka, n'kupondanso, n'kupondanso kachitatu. Minibasi inaima mphuno itadutsa mzere pang'ono. Lole inadutsa patsogolo pathu. Amayi anali pakati pa nyimbo, palibe anazindikira. A Zimba anandiyang'ana pa galasi, ine ndinayang'ana panja. Tinakafika, tinalira ndi mlongo wathu, ndipo kunali koyenera kuti tinapita, pakuti tinamupeza atatsekera makatani masana. Pobwerera dzuwa likulowa, tinapeza a Kamtedza akadali m'holo, atakhala pa mpando umodzi pakati pa chipinda, khoti ili m'thupi, hita yotenthetsa chipinda osayatsa. Anawerenga amayi akulowa mmodzimmodzi. Akazi awo atalowa, iwo anawalandira poto n'kunyamuka.

M'mawa mwake, pa nthawi ya maumboni, ndinaimirira ndine. Ndinati Ambuye atiyendetsa pa sinowo, atipititsa ndi kutibweza. Holo inati ameni. Za mwendo wa a Zimba sindinanene. Kenako kunja kunayamba kufunda, buleki inayamba kugwira koyamba, ndipo nkhani yosintha pampu inangozilala yokha. A Kamtedza anaikumbutsa kamodzi pa msonkhano wotsatira, tinalemba kuti tidzaona dzinja likamayandikira. Dzinja lisanafike anayamba kudwala.

Kuchipatala kuja, atanena za anthu khumi ndi anayi, ndinawagwira dzanja.

"Bambo, palibe amene anafa. Tonse tilipo."

"A chombo aja nawonso ankatero, maulendo onse oyamba aja. Munalemba chiyani m'buku tsiku lija?"

"Kuti onse anagwirizana."

"Munalemba zoona."

Ndinawauza kuti wolakwa ndine, chifukwa cha mawu aja. Anakana ndi mutu. Anati ine ndinalankhula zimene ndinkakhulupirira, koma iwo anabisa zimene ankadziwa. Anatchula za mlonda wa pa linga amene Mulungu amamufunsa magazi a anthu ngati waona lupanga likubwera n'kusaliza lipenga. Anati iwo analiza lipenga ola lathunthu, n'kuliika pansi pa mphindi imodzi yokha imene linkafunika.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwafunsa mumtima amuna aja kuti munakhaliranji chete. Tsopano ndikudziwa, alembi. Si mantha ayi. Munthu umangotopa kukhala wekha."

Ndinawakumbutsa kuti wophunzira uja amene anakana Ambuye katatu anabwezeretsedwa pa gombe, n'kupatsidwanso ntchito. Anamwetulira nati zimenezo akuzidziwa, ndipo za chikhululukiro sakukayika. Chimene chikuwavuta n'choti minibasi ikadali panja. Pamenepo akazi awo analowa ndi tiyi, nkhani inathera pomwepo. Za mwendo wa a Zimba sindinawauze. Ndinkati ndidzawauza ulendo wina.

Atamwalira, komiti inakumana Lamlungu masana kukonza za maliro, m'kachipinda komwe kaja. Kunja kunali chisanu cha Januwale. Tinagawana za chakudya, za nyimbo, za olandira alendo ochokera kutali. Kenako a Zimba anati minibasi idzanyamula amayi kuchoka kuholo kupita kumanda, maulendo awiri.

"Pali wotsutsa?"

Anafunsa mwa chizolowezi, akutembenuza kale pepala. Koma tonse anayi, osapangana, tinayang'ana kumapeto kwa tebulo, pamene ankakhala a Kamtedza. Ndinamva chete yemwe uja akulowa m'chipindamo ngati munthu wodziwa njira. Ndinaika cholembera pansi.

"Ine."

"Alembi?" A Zimba anandiyang'ana modabwa. "Muli ndi umboni woti yavuta?"

"Ndilibe. Koma ndinaona mwendo wanu pa raundabauti paja, ndipo inu munandiona ndikuona."

Mayi Chirwa anafunsa kuti raundabauti iti. A Zimba anasisita nkhope nthawi yaitali, kenako anati chabwino, polemekeza malemu, amene sankaikonda minibasiyi, tipemphe abale abwere ndi magalimoto awo. Ndinati si nkhani ya ulemu, ndi nkhani ya mabuleki. Anati alembi, zotsatira zake n'zimodzi, tisatalikitse, tili pa maliro. Ndinalemba kuti minibasi sipita, ndipo kwa nthawi yoyamba m'buku limenelo ndinalembanso kuti mmodzi anatsutsa, ndi chifukwa chake. Pampu ija mpaka lero sinasinthidwe. Kunja kwafundanso, ndipo kwayamba kumveka za ulendo wa kunyanja wa ana a Sande sukulu. Nkhaniyo ibwera pa msonkhano wa mwezi uno.

M'kachipinda kaja mipando ndi yopinda, aliyense amadzitengera wake pa mulu. Palibe amene amatenga wachisanu, choncho kumapeto kwa tebulo, chakufupi ndi zenera loyang'ana koimika magalimoto, kumangokhala mpata. Pa khoma pali mzere wakuda pamene mpando wawo unkakhudza akatsamira kuti afunse funso lawo. Misonkhano yathu masiku ano imatha msanga, tiyi asanazizire, ndipo anthu amatuluka akuseka. Ine ndimatsala kuti nditseke. Ndikaima pa mpata umenewo ndimaiona minibasi pa zenera, yoyera, yotsukidwa bwino, itayang'ana kugeti.